Mulingo wa mankhwala athu anayezera pa thupi la yani?

Aliyense amene anayamba ma ARV boma litangoyamba kuwapereka mwaulere mu 2004 akuikumbukira Triomune. Inapulumutsa anthu ochuluka, ndipo imeneyo ndi mbiri yosafunika kuipeputsa. Koma anamwino a ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, akukumbukiranso odwala ena amene atamwa mankhwalawo kwa milungu yochepa ankabwerera ali ndi zidzolo thupi lonse, milomo ili matuza okhaokha, khungu likusupuka. Chimene chinkawapweteka ndi nevirapine, mmodzi mwa mankhwala atatu a m'piritsi lija. Funso limene linkazunguza madokotala linali lakuti: bwanji uyu akupsa khungu pamene mnzake, womwa piritsi lomwelo, akunenepa ndi kubwerera kumunda?

Mbali ina ya yankho inapezeka pa Ginnery Corner pompano. Ofufuza a ku College of Medicine ndi anzawo a ku yunivesite ya Liverpool anayeza DNA ya odwala a pachipatala cha Queen Elizabeth, ndipo mu 2013 anafalitsa zotsatira: anthu obadwa ndi chizindikiro china m'magazi, chotchedwa HLA-C*04:01, ndiwo anali pachiopsezo chachikulu cha matenda osupula khungu aja, amene madokotala amawatcha Stevens-Johnson. Ndi zakumtundu, munthu amabadwa nazo. 

Ndiye ine ndikuti dziko limene silifufuza matupi a anthu ake limamwa mankhwala ngati zovala za kaunjika: telala anayeza munthu wina kutali, ife timangoyesa mwayi kuti zitikwane. Mu 2016 magazini ya sayansi ya Nature inawerengera anthu onse amene analowa m'kafukufuku wamkulu wa DNA padziko lonse. Mwa anthu 100 alionse, 81 anali ochokera ku mtundu wa azungu a ku Ulaya, ndipo ochokera ku mtundu wa Africa anali 3 okha, ambiri mwa iwo akuda a ku America. Chodabwitsa nchakuti Africa ndiye kontinenti imene anthu ake amasiyanasiyana kwambiri m'chibadwa kuposa kwina kulikonse, chifukwa mtundu wa anthu unayambira kuno ndipo amene anatuluka kukadzaza maiko ena anali kagulu kochepa. Kwa zaka zambiri ofufuza akafuna "munthu wa ku Africa" ankatenga Ayoruba a ku Ibadan ku Nigeria, basi nkhani yatha. Mlomwe wa ku Phalombe ndi Mtumbuka wa ku Rumphi si Ayoruba. Bungwe la H3Africa litayeza DNA ya anthu 426 okha a m'maiko 13 a mu Africa, linalengeza mu 2020 kuti lapeza zosiyana zoposa 3 miliyoni zimene sayansi inali isanazionepo. Anthu osadzaza ngakhale holo ya ukwati, koma taonani zimene zinabisala mwa iwo.

Zotsatira za kusowa kwathu m'kafukufuku wotereyu tazimva m'thupi. Malawi atayambitsa ndondomeko ya Option B+ mu 2011, amayi oyembekezera anayamba kulandira ARV yotchedwa 5A, imene ili ndi efavirenz. Madandaulo anali ofanana kuyambira ku Ndirande mpaka ku Bangwe: chizungulire, maloto oopsa, kumva ngati waledzera usanalawe kanthu. Ena ankauzidwa kuti apirire, thupi lizolowera. Chonsecho nkhani inali m'chiwindi. Anthu ena amabadwa ndi chiwindi chochedwa kusungunula efavirenz, motero mankhwalawo amaunjikana m'magazi, ndipo chibadwa chimenechi nchofala kwambiri mwa anthu akuda kuposa mwa azungu. Mulingo wa 600 mg unakhazikitsidwa ku America mu 1998. Panadutsa zaka zoposa 15 kuti kafukufuku aonetse kuti 400 mg imagwira ntchito chimodzimodzi ndipo imasautsa pang'ono. Ndi amayi angati anataya botolo m'chimbudzi m'zaka zimenezo, kenako nkulembedwa m'kaundula kuti ndi othawa mankhwala?

Nkhani ya Lapdap njofupika koma yowawa. Mankhwala a malungowa, amene ena mwa mayeso ake anachitikira ku Blantyre, anatuluka mu 2003 ndipo anachotsedwa pamsika mu 2008 zitaoneka kuti amaphwanya magazi a ana obadwa ndi vuto la kuchepa kwa G6PD m'magazi, lomwe nlofala kumadera a malungo ngati kwathu kuno.

Ndikudziwa zimene ena akunena pamene akuwerenga izi. Akuti, achimwene, chipatala chikusowa panado ndi magolovesi, inu mukutiuza za DNA? Mfundoyi si yopusa, koma yatembenuzika. Dziko losauka ndilo silingakwanitse kugula mankhwala olakwika. Wodwala mmodzi wosupuka khungu amagona m'wodi milungu ingapo, akudya mabandeji, madiripu ndi nthawi ya namwino amene akusamalira kale anthu ochuluka. Sindikupempha kuti tigule Casgevy, mankhwala a sickle cell amene anavomerezedwa mu 2023 pamtengo wa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, ngakhale zimapweteka kuti odwala ambiri a matendawa ali ku Africa kuno ndipo sadzawaona. Ndikupempha chinthu chotsika mtengo kwambiri: kuti unduna ukamasankha mankhwala a anthu miyandamiyanda, uzikhala ukudziwa mmene matupi a Amalawi amawalandirira.

Chopinga china nchathu chomwe, ndipo tisachizembe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo nkufika mpaka mu Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Kupha munthu chifukwa cha mphekesera ndi uchigawenga, palibenso dzina lina. Komabe ofufuza asathamangire kunena kuti anthu akumudzi ndi mbuli. Mayi amene wapereka magazi a mwana wake, nasayina chikalata chamasamba ambirimbiri, kenako osamvanso kanthu mpaka mwanayo kukula, ali ndi ufulu wofunsa kumene magaziwo anapita. Zotsatira zikamafalitsidwa m'Chingerezi chovuta m'magazini a ku Ulaya, koma osabwerera pabwalo la amfumu m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, mpata umenewo umadzazidwa ndi wabodza. Makomiti oona zachilungamo pakafukufuku, monga COMREC, azikana kuvomereza ntchito iliyonse imene ilibe ndalama ndi tsiku lokafotokozera eni magazi zimene zapezeka.

Koma mlandu waukulu ndikuupereka ku Capital Hill ndi ku Nyumba ya Malamulo. Blantyre Malaria Project inayamba mu 1986, Malawi-Liverpool-Wellcome mu 1995, ndipo zonsezi zaphunzitsa Amalawi amene lero ndi akatswiri odziwika kunja. Nanga ndalama zoyendetsera ntchitozo zimachokera kuti? Pafupifupi zonse nzakunja. Wopereka ndalama ndiye amasankha funso, ndipo akatopa amanyamuka. Tinaziona kumayambiriro kwa 2025 America itaimitsa thandizo la USAID, mapulogalamu azaumoyo nkugwedezeka dziko lonse. Aphungu amene amakangana usiku wonse za ndalama za chitukuko cha m'madera awo (CDF) sindinawamvepo akufunsa nduna kuti boma laika zingati pa kafukufuku wa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS.

Kuyambira mu 2019 odwala ambiri anasamutsidwira ku 13A, imene ili ndi dolutegravir, ndipo nevirapine ndi efavirenz zikunka ziiwalika. Koma kafukufuku wa ku Johannesburg wa chaka chomwecho anaonetsa kuti amayi ambiri akuda amanenepa kwambiri akamamwa dolutegravir, chinthu chimene mayeso oyambirira akunja sanachione bwino. Shuga, BP ndi khansa nazo zikuchuluka, ndipo mankhwala ake akubwera ndi milingo yoyezedwa kutali. Bajeti ikubwerayi ikhale ndi mzere wakewake wa nkhokwe ya DNA ya Amalawi, yosungidwa ku KUHeS, yoyang'aniridwa ndi malamulo athu, ndipo wakunja wofuna kuigwiritsa ntchito azipempha chilolezo kuno ndi kusiya zotsatira zake kuno.