Makina Sangamgwere Munthu Pamphasa

Kwabuka mtundu wa anyamata ophunzira amene ayesa kuti kukula kwa munthu kuli ngati kusinja cimanga, kwakuti ukapeza cigayo wapumula. Mnyamata wotere waphunzira kulemba malamulo a kompyuta, ndipo waona ndi maso ace kuti nchito imene kalaliki anali kuigwira sabata lathunthu, makina aitsiriza tiyi asanazizire. Pamenepo mutu wace wazungulira. Buku la masamba 300 alipereka kwa makina kuti amfotokozere mwacidule. Za kugwetsana ndi nkhonya aonerera pa kanema ali cigonere, nadziyesa katswiri. Akamfunsa, ayankha monyada kuti nthawi yace ndi ya mtengo wapatali. Maganizo awa ndi acabe, ndipo ayenera kutsutsidwa asanawanditse ulesi pakati pa ana a sukulu.

Palibe munthu wanzeru amene adana nawo makina. Ciyambire caka ca 1804, pamene Joseph Marie Jacquard wa ku Lyon anakonza makina oomba nsaru otsata makadi obooledwa, anthu akhala akutula nchito zobwerezabwereza pa zitsulo, ndipo acita bwino. Kukopera maina ndi kuwonkhetsa manambala sikukulitsa mtima wa munthu ali yense.

Koma makina angocurukitsa cimene munthu waikamo, cabwino kapena coipa. Pa 1 August 2012, kampani ya Knight Capital ya ku America inayamba kugwiritsa nchito malamulo atsopano m'makompyuta ace ogulitsira masheya. Asanu ndi awiri analandira malamulowo, koma imodzi inatsala ndi akale. M'mphindi 45 zokha kampaniyo inataya madola oposa mamiliyoni 400. Makinawo sanatope, sanakayike, sanaime kuti afunse. Anabwereza colakwa cimodzi ndi cangu cimene anawapangira. Nanga mnyamata wosawerenga, wosadekha, adzaika ciani m'makina ace?

Mbiri ya Jigoro Kano wa ku Japan iyenera kumcititsa manyazi. Kano anabadwa mu 1860, ndipo anali mwana wocepa thupi, wobvutidwa ndi anzace pa sukulu. Mu 1877 anayamba kuphunzira jujutsu kwa Fukuda Hachinosuke. Pa sukuluyo panali wophunzira wina wamkulu ndi wolemera amene anali kumgwetsa masiku onse. Kano anayesa njira iyi ndi iyo, osapambana, kufikira anapeza m'buku la kulimbana kwa Azungu njira yonyamulira munthu pa mapewa. Buku linampatsa nzeru, inde, koma mnzaceyo sanagwe ndi buku. Anagwa pamene Kano analowa pansi pace ndi msana umene unazolowera kumenyeka pamphasa. Mu 1882 Kano anatsegula Kodokan m'kacisi wa Eishoji ku Tokyo, m'cipinda ca mphasa 12, ndipo judo inabadwira pomwepo. Munthu yemweyo anatsiriza maphunziro pa yunivesite ya Tokyo, nakhala mkulu wa sukulu ya aphunzitsi zaka zoposa 20.

Tsono cimene anyamata athu sacidziwa ndi ici: ciphunzitso cacikuru ca Kano cinali cakuti munthu agwiritse nchito mphamvu zace mosataya ngakhale pang'ono. Ndiye kuti iye anali mdani wa nchito yacabe kuposa iwo. Komabe phunziro loyamba la judo ndilo kugwa, kumene a ku Japan akucha ukemi. Wophunzira agwa cagada, agwa cammbali, amenya mphasa ndi mkono, aweramitsa cibwano kuti nkhongo isagunde pansi, nadzuka, nagwanso, miyezi ndi miyezi. Kubwereza kumeneku sikufanana ndi kwa kalaliki uja, pakuti cimene cisulidwa pano ndi munthu mwini. Wina akamgwera, wasulidwa ndi winayo.

Kuwerenga kuli cimodzimodzi. Cidule ca buku cimuuza munthu kumene mlembi anafika, koma cibisa njira imene anadzera, ndi pamene anapunthwa, ndi pamene wowerenga akadaima nati, "Apa mwanama." Wodya zidule adziwa maina a mabuku ambiri, koma pa bwalo la mirandu ya nzeru agonja pa funso laciwiri.

Ena adzati masiku ano makina alemba okha malamulo a kompyuta, ndipo ayankha mafunso ngati mphunzitsi. Nzoona, ndipo ndico cifukwa cace mlandu wakula. Makina otere amayankha molimba mtima ngakhale pamene alakwa, ndipo angawagwire bodza ndi yekhayo amene anaidziwa kale nchitoyo ndi manja ace. Wafulumira adadya gaga. Mnyamata akapulumutsa maora atatu ndi luso lace la kompyuta, afunsidwe kumene wapita nawo. Ambiri a iwo, akanena zoona, adzabvomera kuti anawathera pa foni, buku lili citsekere pa tebulo ndi malaya a judo ali m'bokosi, osadziwa thukuta.