Kodi Mwamunayo Ali Kuti?

M'mipingo yathu yambiri muli mwambo umene ndifuna kuutsutsa poyera. Ndikuutsutsa monga Mkhristu wokhulupirira kuti cigololo ndi chimo, kuti cilakolako coipa cimadya munthu ngati ciswe, ndi kuti Mulungu adzaweruza zimenezi. Ndayamba ndi mau amenewa kuti wina asathamangire kunena kuti ndabwera ndi ziphunzitso za kunja zolekerera dama.

Mwambowo ndi uwu. Mtsikana wa m'kwaya akatenga mimba asanakwatiwe, dzina lake limalengezedwa pa Sondo pamaso pa mpingo wonse. Amamulanda yunifomu, amamuimitsa pa Mgonero, ndipo kwina amamukhazika pa mpando wa kumbuyo kwa miyezi ingapo kuti aliyense wolowa aone kuti wocimwa ndi uyu. Mwamuna amene anamupatsa mimbayo sachulidwa. Nthawi zina amakhala ali momwemo m'chalichi, atavala jekete, akugwedeza mutu pamodzi ndi ena pomva za kuipa kwa ana a masiku ano.

Akulu a mpingo ali ndi yankho lao, ndipo ndalimva kambiri. Amati mimba ndi umboni wooneka ndi maso, pamene mwamuna amangokana, nanga mpingo ungaweruze bwanji popanda umboni? Yankho limeneli silindigwira mtima. Nkhani ikafika pa kulipiritsa damaji, mwini mimba amapezeka sabata isanathe. Amalume amakhala pansi pa mtengo wa mango, amawerengera mbuzi kapena makwaca, ndipo palibe amene amati mwamunayo sadziwika. Anthu omwewo akalowa m'bwalo la mpingo amasanduka osadziwa kanthu. Cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo mzimai aliyense wa m'bungwe adziwa kuti mimba nayonso ili conco.

Buku limene timanyamula pa Sondo linaiona kale nkhani imeneyi. Pa Yohane 8, alembi ndi Afarisi anabweretsa kwa Yesu mkazi amene anati anamugwira ali mkati mocita cigololo, ndipo anakumbutsa Yesu kuti Mose analamula kuti otere aponyedwe miyala. Koma lamulo limene ankatsamirapo, pa Levitiko 20:10 ndi pa Deuteronomo 22:22, limachula anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo cilango cao ndi cimodzi. Ngati mkaziyo anagwidwa ali mkati, ndiye kuti ogwirawo anamuona mwamunayo ndi maso ao. Anamusiya apite. Anthu odzitama kuti asunga Cilamulo anaciswa pa tsiku lomwelo limene anati akuciteteza. Alaliki athu amakonda kuthamangira kumapeto, pamene Yesu anauza mkaziyo kuti asakacimwenso, ndipo mau amenewo ndi oona, sindiwacotsa. Koma asanalankhule ndi mkaziyo, Yesu anayamba wabalalitsa khoti lonse la amuna aja, kuyambira akuluakulu.

Pa Mateyu 5:28 ndi pamene nkhani ya cilakolako yagona. Yesu anaphunzitsa kuti mwamuna woyang'ana mkazi ndi colinga comukhumba wacita kale cigololo mumtima. Onani amene akuuzidwa. Akuuzidwa woyang'ana. Ndipo mankhwala amene Yesu anapereka m'ndime yotsatira ndi owawa: diso likakucimwitsa, licotse. Sanatume ophunzira ake kuti akayeze kutalika kwa zovala za akazi a ku Galileya. Ife tinatembenuza ciphunzitso cimeneci. Chimo limene Yesu analipeza m'diso la mwamuna, ife tinalinyamula n'kukaliika pa thupi la mkazi, kenaka tinayamba kulalikira za masiketi.

Pali cinthu cina m'ndime imeneyi cimene sicimveka kawirikawiri pa guwa. Liu la Cigiriki limene Mateyu analemba ponena za kukhumba ndi lomwelo limene Baibulo lakale la Cigiriki linagwiritsa nchito pa lamulo lakhumi, lija loletsa kusirira. Pa Eksodo 20:17 mkazi wa mnzako wachulidwa pamodzi ndi nyumba, ng'ombe ndi bulu. Cilakolako cimene Yesu akudzudzula ndi msuweni wa umbava. Ndi kuona munthu wolengedwa m'cifaniziro ca Mulungu ngati katundu amene ungatenge, kugwiritsa nchito ndi kutaya. Kuona kuti munthu ndi wokongola si chimo, ndipo kufuna mkazi wako kapena mwamuna wako si chimo. Nyimbo ya Solomo ili m'Baibulo lomweli, ngakhale abusa ambiri amailumpha ngati dzenje la pamseu, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 7 anapatsa mkazi ulamuliro pa thupi la mwamuna wake wofanana ndi umene anapatsa mwamuna. Coipa ndi diso limene limayang'ana munthu n'kuona ndiwo.

Ndiye cifukwa cake nkhani ya Davide pa 2 Samueli 11 ndi 12 iyenera kuwerengedwa pang'onopang'ono. Ndamvapo maulaliki amene anathera pa kudzudzula Bateseba kuti anasamba poonekera dala kuti akope mfumu. Werengani nokha. Amene anali pa denga ndi Davide, pa nyengo imene asilikali ake anali ku nkhondo atazinga mzinda wa Raba, iye atatsala ku Yerusalemu. Anaona mkazi akusamba, anafunsa za iye, anauzidwa momveka kuti ndi mkazi wa Uriya Mhiti, ndipo anatuma anthu kukamutenga. Mkazi wa msilikali angakane bwanji amithenga a mfumu? Mimba itaoneka, Davide anaitanitsa Uriya ku nkhondo kuti akagone kunyumba, mwana aoneke ngati wake. Uriya anagona pa khomo la nyumba ya mfumu. Davide anamuledzeretsa, sizinathandize. Pamapeto pake anamupatsa kalata yopita kwa Yoabu, ndipo munthu wosalakwayo ananyamula yekha ciweruzo ca imfa yake.

Mneneri Natani atabwera, sanapite kunyumba ya Bateseba. Anapita kwa mfumu. Ndipo fanizo limene anasankha silinali la mkazi wokopa amuna. Linali la munthu wolemera, wa nkhosa ndi ng'ombe zambiri, amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka munthu wosauka kuti aphere mlendo wake. Mulungu anafotokoza cigololo ca Davide ngati mlandu wa wamphamvu wolanda wopanda mphamvu. Ndikafuna kudziwa ngati mpingo uli ndi mzimu wa Natani, sindiwerenga atsikana amene unadula. Ndimafunsa kuti ndi liti pamene unaimitsa munthu amene anagulira chalichi malata.

Matenda amenewa si a ife tokha, ndipo ndi akale. Tertullian wa ku Carthage, mmodzi mwa alembi oyambirira a mpingo kumpoto kwa Africa, analemba buku lathunthu lonena za zovala ndi zodzikongoletsera za akazi, akuwasenzetsa mlandu wa Hava. Augustine, amene anadzakhala bishopu wa ku Hippo, anakhala ndi mkazi wosamukwatira kwa zaka zoposa khumi, anabereka naye mwana dzina lake Adeodatus, kenaka mkaziyo anabwezedwa ku Africa kucokera ku Milan kuti papezeke malo a mkazi wa banja lolemekezeka. Augustine anavomereza yekha zonsezi m'zolemba zake, ndipo pa ici ndimamulemekeza kuposa akulu athu ambiri. Koma iye timamucha woyera, pamene dzina la mkaziyo silinalembedwe paliponse.

Wina adzati, nanga kodi Baibulo silinena za kuvala modzilemekeza? Limanena. Koma pa 1 Timoteo 2:9 zinthu zimene Paulo anachula ndi malukidwe a tsitsi, golide, ngale ndi zovala za mtengo wapatali. Ndimeyi ikhudza kwambiri amai a kutsogolo amene amasintha suti Sondo iliyonse kuposa mwana wa m'komboni amene siketi yamucepera cifukwa wakula. Ndipo tikaphunzitsa anyamata kuti cilakolako cao ndi mlandu wa covala ca mkazi, tisadabwe ndi zipatso zake. Akaponya amene amakuwiza kapena kuvula mkazi pa siteshoni ya basi, ati wavala zazifupi, akungocita ndi manja zimene anamva ndi makutu. Ndiponso ana a zaka zisanu amene amagwiriridwa, ndi agogo amene amagwiriridwa ali m'citenge cofika ku akakolo, anavala ciani cokopa?

Sindikunena kuti akazi alibe cilakolako kapena kuti sacimwa. Mkazi wa Potifara ali pa Genesis 39, ndipo ndi iye amene anaumiriza Yosefe tsiku ndi tsiku. Koma ngakhale pamenepo onani amene anali ndi mphamvu: mkazi wa bwana ndi kapolo wa m'nyumba. Amene anapita ku ndende ndi kapolo. Ndipo Yosefe sanakhale pansi n'kumadandaula za kavalidwe ka dona. Anathawa, kusiya malaya m'manja mwake. Mwamuna aliyense wonena kuti sangathe kudziletsa akutiuza kuti mnyamata waukapolo m'dziko la eni anali ndi ufulu woposa wake.

Tsopano tibwere kwathu. Pa 29 December 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewo analowa m'mau oyamba a malamulo aakulu a dziko. Patapita zaka zoposa makumi awiri, kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi mimba yoyamba. Atsikana amenewa sanadzipatse okha mimba. Ena anapatsidwa ndi anyamata anzao, inde. Koma tonse tidziwa za mphunzitsi wolonjeza mamakisi, za bambo wa galimoto woima pafupi ndi sukulu ndi cipisi ndi foni, za mlamu wa m'nyumba, ndi za mneneri woitana mtsikana ku mapemphero apadera usiku. Awa ndi Adavide athu, ndipo kamwana ka nkhosa ndi komweko.

Cocititsa manyazi ndi cakuti pa nkhani imeneyi boma linatsogola, mpingo n'kumatsalira. Mu 1997 unduna wa za maphunziro unakhazikitsa lamulo lolola mtsikana amene wabereka kubwerera ku sukulu, ndipo ena mwa amene analikana kwa nthawi yaitali anali masukulu a mishoni, ati lidzalimbikitsa ciwerewere. Malamulo a dziko amati kugona ndi mwana wosafika zaka 16 ndi mlandu waukulu, ndipo wolakwa amapatsidwa zaka zosacepera 15 m'ndende. Koma mlandu wotere ukacitika pakati pa Akhristu, kangati umafika ku polisi? Timaitana mabanja awiri, timapemphera, timati tisaipitse dzina la mpingo, ndalama zimasintha manja, ndipo mwamunayo amasamutsidwira ku mpingo wina kumene kulinso kwaya ya atsikana. Mwana amene lamulo limati wacitiridwa nkhanza, ife timamuika pa cilango ca cigololo.

Cimene ndikupempha si kucotsa cilango mu mpingo. Mpingo wopanda mwambo ndi msika. Ndikupempha kuti ngati dzina lilengezedwa pa guwa, alengezedwe maina awiri, ndipo ngati lacimuna silingalengezedwe, lacikazi nalonso lisamveke. Mtsikana akakhala wosafika zaka 16, nkhani ipite ku Victim Support Unit tsiku lomwelo, ndipo mbusa aperekeze yekha. Komanso amuna tiphunzitsidwe. Atsikana ali ndi alangizi kuyambira pa cinamwali mpaka pa kicheni pate, akuuzidwa mokhalira, moyendera, movalira. Ndani amakhala pansi ndi mnyamata wa zaka 14, amene foni yake ili ndi zithunzi zamaliseche zimene atate ake sanazionepo pa msinkhu umenewo, n'kumuuza za Yobu amene anacita pangano ndi maso ake? Misonkhano ya amuna mu mpingo imathera pa kukambirana za simenti.

Pa Genesis 38 pali mkulu wina wa banja, Yuda, amene anauzidwa kuti mpongozi wake Tamara, mkazi wamasiye, ali ndi mimba ya miyezi itatu. Sanacedwe. Analamula kuti amutulutse ndi kumuotcha. Tamara ali m'njira anatumiza zinthu zitatu, cidindo, cingwe cake ndi ndodo, n'kunena kuti mwini wa zimenezi ndiye mwini mimba. Zinali za Yuda. Woweruza ndi wopalamula anali munthu mmodzi, ndipo Yuda, pomupatsa ulemu wake, anavomera pamaso pa anthu kuti mkaziyo anali wolungama kuposa iye.

Tamara wa lero ali ndi cidindo ndi ndodo m'foni mwake: mauthenga a pa WhatsApp a pakati pa usiku, ndi mbiri ya ndalama zimene zinkatumizidwa pa foni mwezi ndi mwezi, dzina la wotumiza lili pomwepo. Akulu amene amati alibe umboni angayambe ndi kumupempha mtsikanayo kuti awaonetse foni asanamulande yunifomu. Ndikayika ngati adzacita zimenezi msanga, pakuti m'mabwalo ena nambala imene idzatulukemo ndi ya munthu amene wagwira buku la maminitsi.