VANETI YA MAGETSI NDI MUNTHU WOYENDA PANSI MU LUSAKA

Pamene Nduna ya za Cuma, a Situmbeko Musokotwane, anawerenga bajeti ya caka ca 2024 m'Nyumba ya Malamulo mwezi wa September 2023, analengeza kuti Boma lacotsa msonkho wa pa malire pa njinga zamoto, magalimoto, mabasi ndi malole oyendera magetsi, pamodzi ndi zipangizo zake zochajira.

Zifukwa zake nzosabisika. Dontho lirilonse la petulo ndi dizilo limene limapsa m'miseu ya Lusaka limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Lina limabwera m'mpope wa TAZAMA, wa makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, lina limabwera pa matanka. Boma litaleka kuthandizira mtengo wa mafuta mu December 2021, bungwe la Energy Regulation Board linayamba mu 2022 kulengeza mitengo mwezi uliwonse, ndipo woyendetsa galimoto aliyense anaphunzira kumvera wailesi pakutha pa mwezi mtima uli m'mwamba. Ndiponso dziko lino limakumba mkuwa umene magalimoto a magetsi amafuna wambiri, ndipo mu April 2022 Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasaina pangano mu Lusaka lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire.

Koma galimoto imene imasenza mzinda uno ndi vaneti, ija ya bokosi kumbuyo. Ndiyo imafika ku msika wa Soweto kusanace itadzaza matimati ndi kabici za ku Chongwe. Ndiyo imatuta simenti ndi mabuloko kupita kumene anthu akumanga. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga imagona m'mipanda ya eni mafamu ndi akuluakulu a makampani, ndipo tsiku la maliro imanyamula anamfedwa kunka nao ku Leopards Hill kapena ku Chingwere. Maina a Toyota Hilux, Isuzu ndi Ford Ranger amadziwika ngakhale kwa mwana wa sukulu. Ngati magetsi adzalowa m'malo mwa dizilo m'dziko muno, mlandu wake udzaweruzidwa pa vaneti.

Wogula vaneti ali ndi mafunso awiri: inyamula matumba angati, ndipo kodi ikafika kumudzi? Kampani ya Isuzu inayamba kupanga D-Max ya magetsi ku Thailand mu 2025, ndipo pa kuyeza kwa ku Ulaya imayenda makilomita 263 batire lisanathe. Hilux ya magetsi imene Toyota inaonetsa mu November 2025 akuti imayenda pafupifupi makilomita 240. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo pakati pali zitunda za Manenekela, pamene galimoto yolemedwa ndi katundu imadya mphamvu zoposa zolembedwa pa pepala. Kwa munthu wa ku Chelstone wogwira nchito ku Cairo Road makilomita 240 ndi a masiku angapo. Kwa wamalonda wokagula nshawa ku Petauke, ulendo ungathere pafupi ndi mlatho wa Luangwa.

Ndiye pali nkhani ya magetsi eniakewo. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atatsika m'damu la Kariba, panali miyezi imene nyumba zambiri zinkakhala maola 21 pa tsiku zopanda magetsi. Anthu sanaiwale zimenezo. Mwini nyumba ya mpanda ku Kabulonga amene anaika masola pa denga angathe kuchaja galimoto pakhomo pake dzuwa likuwala. Wokhala pa nyumba zosanjikizana za ku Kabwata, amene galimoto yake imagona pabwalo kapena kwa alonda, angayesedwe kutulutsa cingwe pa windo kucokera pa soketi ya m'khicini, ndipo mawaya a m'nyumba zakale sanaikidwe kuti azisenza mphamvu zotere usiku wonse.

Ngakhale ku America, kwao kwa mavaneti akuluakulu, ogula anabwerera m'mbuyo. Ford inayamba kupanga F-150 Lightning mu 2022 anthu atalembetsa ambiri, koma mu December 2025 inalengeza kuti yaleka kupanga mtundu woyendera magetsi okha, patangopita miyezi yocepa Boma la dzikolo litathetsa thandizo la madola 7,500 limene ogula ankalandira. Alimi ndi omanga anapeza kuti ikakoka ngolo yolemera batire limatha msanga.

Motero mavaneti a magetsi sadzadzaza miseu ya Lusaka mawa. Kucedwa kumeneku ndi mwai kwa osunga malamulo, pakuti galimoto imeneyi ikubwera ndi mabvuto amene ofesala woyeza magalimoto sanazolowere.

KULEMERA

Batire la galimoto ya magetsi si kabokosi kaja konyamula pa dzanja. Limayala pansi ponse pa galimoto ndipo limalemera makilogalamu mazana angapo. GMC Hummer ya magetsi imalemera matani oposa 4, ndipo batire lake lokha limalingana ndi galimoto yaing'ono yathunthu. Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Nebraska anaombetsa vaneti ya magetsi ya Rivian pa citsulo cocingira m'mbali mwa mseu, ndipo inaciboola nkupitirira. Zitsulo za pa zitunda za Kapiringozi, pa mseu wa ku Chirundu, sizinapangidwe molimba kuposa za ku America.

Zoona, mavaneti amene angafike kuno, a ku Thailand ndi ku China, sali olemera cotero. Komabe kulemera kwa batire kumadya malo a katundu. Hilux ya magetsi ija akuti iyenera kunyamula makilogalamu pafupifupi 715, ndiye kuti matumba 14 a cimanga a makilogalamu 50, woyendetsa asanakwere. Aliyense amene anaonapo vaneti ikucoka ku Soweto mcira uli pansi akudziwa kuti mwini wake sawerenga zolembedwa pa citseko. Ndiponso laisensi ya kalasi B imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake, kotero kuti ena mwa mavaneti a ku America ali kale m'gulu la malole ngakhale akuoneka ngati galimoto ya pabanja.

Amene adzamva kulemera kumeneku ndi munthu woyenda pansi. Malipoti a apolisi anaonetsa kuti anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pa mseu m'caka cimodzi cokha, mu 2021, mu 2022 ndiponso mu 2023, ndipo gulu lalikulu koposa mwa iwo ndi la oyenda pansi. Bungwe la ku America lofufuza za ngozi, la Insurance Institute for Highway Safety, linapeza mu 2023 kuti galimoto ya boneti yotalika kuposa mita imodzi imapha woyenda pansi kawirikawiri koposa, ndi 45 peresenti, poyerekeza ndi ya boneti yaifupi yotsetsereka. Yaifupi imagunda miyendo, munthu nkugwera pamwamba pake. Yaitali imagunda cifuwa, kapena mutu ngati ndi mwana, nkumukankhira pansi pa matayala. Bvuto limeneli liri pa mavaneti onse, a dizilo omwe, koma wa magetsi akuonjezerapo ziwiri: ulibe phokoso, ndipo umanyamuka ndi mphamvu zonse nthawi yomweyo.

Pa Great East Road ku Chelstone, pa Burma Road pafupi ndi msika wa Kabwata, ndi pa Freedom Way m'tauni, anthu ambiri amaoloka mseu ndi makutu. Mai wosenza beseni pamutu, mwana kumbuyo, satembenuka msanga. Iye amadalira kulira kwa injini. Maiko a European Union analamula kuti kuyambira July 2021 galimoto yatsopano iriyonse ya magetsi izikhala ndi kacipangizo kolira pamene ikuyenda pang'onopang'ono. Limeneli ndi lamulo losadula, ndipo bungwe la Road Transport and Safety Agency, RTSA, lingathe kuliika pa mndandanda wa zoyeza popanda kugula makina atsopano: ofesala angomvetsera. Kunyamuka mwadzidzidzi nakonso nkoopsa kwa anamfedwa ndi anyamata a maganyu amene amakhala pamphepete pa bokosi, ngakhale RTSA yakhala ikucenjeza kawirikawiri za kunyamula anthu pa magalimoto a katundu.

Za moto anthu amakamba mopitirira. Galimoto ya magetsi siyaka kawirikawiri kuposa ya petulo. Koma batire likagwira moto limadziyatsa lokha mkati, lingathe kuyakanso patapita maola, ndipo buku la Tesla la ozimitsa moto limanena za malita pafupifupi 11,000 a madzi. Ozimitsa moto a Khonsolo ya Lusaka afunika maphunziro ake, monganso makanika a m'magalaji a m'makomboni, amene anazolowera batire la mavolti 12 koma adzakumana ndi mawaya a mavolti 400. M'nyengo ya dzinja, pamene madzi amasefukira ku Kulima Tower, batire limene linang'ambika pansi pa maenje a mseu si cinthu coseweretsa.

SALAULA WA MAGALIMOTO

Anthu amakonda kukamba za Tesla Cybertruck cifukwa ca maonekedwe ake. Galimoto imeneyi, yolemera pafupifupi matani 3, inayamba kuperekedwa kwa ogula mu November 2023. Mu April 2024 kampani inaitanitsa onse kuti ikonze copondera moto cimene cinkatha kukanirira, ndipo mu March 2025 inaitanitsanso oposa 46,000 cifukwa citsulo ca m'mbali mwa galasi cinkatha kucoka pa mseu. Mu January 2025 apolisi a ku Manchester analanda imodzi pakuti sinabvomerezedwe kuyenda m'miseu ya Britain. Ciongolero cake ciri kumanzere, ndipo ngati ingaoneke pa Kabulonga idzakhala ya munthu mmodzi wofuna kudabwitsa anzake.

Phunziro lenileni liri pafupi. Mu November 2018 bungwe la Global NCAP linaombetsa Nissan NP300 Hardbody, vaneti ya dizilo imene inkagulitsidwa yatsopano kum'mwera kwa Africa, ndipo sinapate nyenyezi ngakhale imodzi pa kuteteza akuluakulu okweramo. Mu 2020 GWM Steed 5 nayo inapata zero. Kumene malamulo ali ofooka, opanga amatumizako zimene kwina sizingaloledwe, ndipo palibe cifukwa coganizira kuti pa mavaneti a magetsi adzasintha mtima. Kucotsa msonkho kunatsegula khomo kwa galimoto yabwino ndi yoipa yomwe.

Ndiponso magalimoto ambiri a m'dziko muno amabwera atagwirapo kale nchito kwina, kudzera ku Nakonde ndi ku Chirundu. Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency limafuna kuti galimoto yotere iyezedwe isanatumizidwe kuno, ndipo RTSA imayeza mabuleki, nyali, matayala ndi ciongolero. Injini ya dizilo yotopa imadziulula yokha ndi utsi ndi kulira kwake. Batire lotopa, kapena limene linamirapo m'madzi, silioneka ndi maso, ndipo ndilo ciwalo codula koposa pa galimoto yonse. Wogula wa ku Woodlands angapereke ndalama zake zonse za penshoni pa vaneti yonyezimira imene siyingafike ku Kafue ndi kubwerako. Cikalata ca kuyeza ciyenera kunena mphamvu zimene zatsala m'batire, m'manambala amene wogula angawerenge, ndipo Zambia Environmental Management Agency iyenera kunena kumene batire lakufa lidzapita. Mzinda wa Kabwe, umene mgodi wake wa mtobvu unatsekedwa mu 1994 koma ana ake akali kudwala ndi pfumbi lake, ukudziwa mtengo wa zinyalala zosiyidwa popanda mwini.

Makampani ambiri amalonjeza kusamala batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000. Vaneti yopangidwa ku Thailand mu 2025 lonjezo lake lidzatha mu 2033, ndipo ndi pa msinkhu wotero pamene magalimoto ambiri amakwera sitima ya pamadzi kuyamba ulendo wa ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde.