Mwana akafunsa za mtundu wa thambo tisamutseke pakamwa

Masiku apitawa, titamaliza phunziro la madzulo ku madrasa, mtsikana wina wa zaka ngati 10 anatifunsa kuti: "Shehe, n'chifukwa chiyani thambo limakhala la buluu masana?" Tisanayankhe, mnzake anati thambo limatengera mtundu wa nyanja. Wachitatu anati agogo ake anamuuza kuti zoterezi safunsa, Allah anangolenga choncho basi. Mayankho awiriwa amamveka m'makomo ambiri kuchokera ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, ndipo onse amamusiya mwana chimanjamanja.

Yankho loyamba si loona. Ku Mchinji, kutali ndi nyanja, thambo ndi la buluu, ndipo n'chimodzimodzi m'chipululu cha Sahara. Asodzi athu amadziwa kuti tsiku la mitambo yambiri nyanja imatuwa, kusonyeza kuti pamwamba pa madzi ndi pamene pamaonetsa mtundu wa kumwamba. Yankho lachiwiri ndi loona, pakuti palibe Msilamu wokayika kuti Mlengi wa thambo ndi Allah. Koma mwanayo sanafunse kuti analenga ndani. Wafunsa kuti zimachitika motani, ndipo funsoli lili ndi yankho.

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma mkati mwake muli mitundu yonse ya utawaleza. Kuwalako kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kutalika kwake. Funde la kuwala kofiira limatalika pafupifupi mananomita 700, pamene la buluu ndi pafupifupi 450. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Mpweya umene wazinga dziko lapansi, womwe magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitulojeni ndipo 21 ndi okosijeni, uli ndi tizigawo tating'ono kwambiri kuposa mafundewa. Taganizirani bango loima m'madzi. Funde lalikulu la mwera limalidutsa ngati palibe kanthu, koma timafunde tating'ono tikaligunda timabalalika. Moteronso kuwala kofiira kumadutsa mumpweya mosavuta, pamene kwa buluu kumamwazidwa mbali zonse, kuposa kofiira pafupifupi kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Kulikonse kumene diso layang'ana kumwamba, limalandira kuwala kwa buluu komwazikako. Pamwezi palibe mpweya wotere, n'chifukwa chake anthu amene anafikako mu 1969 anaona thambo lakuda ngakhale dzuwa likuwala.

Masamu a nkhaniyi anawalongosola Lord Rayleigh wa ku England mu 1871. Koma zaka pafupifupi 1,000 iye asanatero, al-Kindi, katswiri wa Chisilamu wa ku Baghdad, anali atalemba kale kabuku kofotokoza chimene chimachititsa mtundu umenewu. Iye anati buluu si mtundu wa thambo lenilenilo, koma umabwera pamene kuwala kwa dzuwa kwagwera pa fumbi ndi nthunzi zili mumpweya, n'kusakanikirana ndi mdima wa kumwamba. Sanalondole zonse, koma anayang'ana pamalo oyenera, pakati pa dzuwa ndi mpweya. M'zaka za m'ma 1000, Ibn Mu'adh, yemwe anali woweruza milandu mumzinda wa Jaén ku Andalus, anaona kuti m'bandakucha umayamba dzuwa likadali madigiri pafupifupi 19 kunsi kwa malekezero a thambo, ndipo anawerengera kuti mpweya umene umabweza kuwala umafika makilomita pafupifupi 80 m'mwamba. Anthu awa anali opemphera, ndipo sanaone kuti kufunsa kumachepetsa chikhulupiriro chawo.

Nkhaniyi imatikhudza ife Asilamu tsiku lililonse. Dzuwa likamalowa, kuwala kwake kumayenda mtunda wautali mumpweya kusiyana ndi masana. Buluu amathera m'njira, ndipo chimene chimatifika ndi kufiira. Kufiira kumene kumatsala kumadzulo dzuwa litalowa ndi kumene mabuku a malamulo a chipembedzo amakutcha shafaq, ndipo m'chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene ambiri a ife timatsata, kukazimiririka ndiye kuti nthawi ya Magharibi yatha, ya Isha yalowa. Kuyera kumene kumayala kum'mawa dzuwa lisanatuluke, kotiuza kuti Fajr yakwana ndipo wosala asiye kudya daku, ndi kuwala kwa dzuwa komwazidwa ndi mpweya womwewo. Pakanapanda mpweya, mdima ukanagwa nthawi yomweyo dzuwa likangolowa, ndipo zizindikiro zimenezi sizikanakhalapo. Mwana amene wamvetsa za buluu wa masana wamvetsanso chifukwa chimene muadhini amayang'anira kumwamba, komanso kumene manambala a pa kalendala ya Swala anachokera.

Ena mwa akuluakulu athu amaopa kuti mwana akazolowera mayankho a sayansi adzaiwala Mlengi. Mantha amenewa tikuwamvetsa, koma zimene taona m'kalasi ndi zina. Mwana amene wakalipiridwa kunyumba chifukwa chofunsa amakapeza yankho kusukulu ya sekondale, ndipo mumtima mwake amagamula kuti makolo ndi mashehe amathawa mafunso. Pamenepo ndi pamene chikhulupiriro chimayamba kugwedezeka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo sitingaphunzitse ana mwambi umenewu m'mawa n'kuwaletsa kufunsa madzulo. Kholo likapanda kudziwa yankho, palibe manyazi kunena kuti: "Sindikudziwa mwanangu, tikafunse aphunzitsi."

Phunziroli silifuna ndalama. Tengani botolo loonekera mkati, lidzazeni madzi, dontheziranimo mkaka pang'ono chabe, ndipo usiku muwalitse tochi yoyera kuchokera pansi pake. Mukaliyang'ana cham'mbali madziwo amaoneka ngati a buluu, mukayang'ana kumene kuwala kukutulukira amaoneka achikasu kapena ofiirira. M'miyezi ya September ndi October, pamene tchire likupsa, muonetseni mwana mmene thambo limatuwira ndi mmene mapiri a kutsidya kwa nyanja amabisikira. Utsi ndi fumbi zili ndi tizidutswa tokulirapo timene timamwaza mitundu yonse pafupifupi mofanana. Mvula yoyamba ikatsuka mpweya, buluu amabwerera.

Tikupempha aphunzitsi a madrasa kuti akamaphunzitsa nthawi za Swala azitulutsa ana panja, aone okha kufiira kwa Magharibi mpaka kutazimiririka. Mtsikana uja tinatuluka naye pamodzi ndi anzake madzulo a tsiku lotsatira. Kufiira kutatha, iye ndi amene anayamba kunena kuti Isha yakwana.