Wothandiza anzake naye adyeko

Makolo ambiri akaona mwana ali duu pa foni kapena pa kompyuta amangoti akutaya nthawi. Koma m'masewero ena a pa intaneti muli mkangano umene ngakhale akuluakulu timaudziwa bwino: anthu akagwira ntchito pagulu, phindu ligawidwe bwanji?

Titenge League of Legends, masewero amene kampani ya Riot Games ya ku America idatulutsa mu 2009. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu. Osewera amapeza golide, ndalama za m'masewero momwemo zosagula ngakhale mchere, akapha adani ndi tiasilikali ta timu inayo. Golideyo amagulira zida zowonjezera mphamvu.

Tsono mwa asanuwo pali mmodzi amene ntchito yake n'kuteteza anzake, kuchiritsa ovulala ndi kutchera tinyali tounikira komwe adani abisala. Iyeyu amasiyira dala mnzake womenya nkhondo tiasilikali tija kuti golide apite kwa mnzakeyo. Kale, kangachepe komwe ankapeza kankathera kugula tinyalito. Timu ikapambana, ulemu kwa wopha adani; ikagonja, zala zonse kwa wothandiza. N'zosadabwitsa kuti ambiri ankaukana udindowu.

Kumpira n'chimodzimodzi. Chiyambire mphoto ya Ballon d'Or mu 1956, goloboyi amene adaipatapo ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963. Maso amatsata wogoletsa.

Makampani adaona kuti timu yopanda wothandiza siyenda. Kumapeto kwa 2013, Riot idabweretsa zida zapadera zopatsa wothandiza golide, ndipo idapereka kanyali kaulere kwa wosewera aliyense kuti mtolo wounikira usakhale wa munthu mmodzi. Mu 2019, kampani ya Blizzard idayamba kupereka mphatso kwa osewera Overwatch amene avomera maudindo osowa anthu.

Ena amati bwanji osangogawa golide mofanana nkhani n'kutha? Ine ndikuti ayi. Womenya nkhondo mphamvu zake zimadalira zida zodula, choncho akalandira zochepa timu yonse imafooka. Komanso mphatso yobwera popanda thukuta imaitana akathyali. Ku League of Legends, osewera a maudindo ena adayamba kugula zida za wothandiza kuti adye pawiri, mpaka kampani idakhwimitsa lamulo lakuti mwini zidazo akamapha tiasilikali tambiri, golide wake azichepa.

Chofunika n'chakuti malipiro atsate ntchito yeniyeni. Wopulumutsa mnzake, wounikira njira ndi wothandiza kugwetsa mdani alandire pa zomwe wachitazo, zokwanira kuti naye akule mphamvu masewero akamapita patsogolo. Akulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma chala chogwirizira nachonso chisamagone ndi njala.

Inu makolo, tsiku lina mudzamufunse mwana wanu udindo umene amasewera. Akadzati ndi wothandiza, musadzamuseke. Ameneyo waphunzira kusiyira mnzake chakudya kuti gulu lipambane.