Mpira wa ku America: chifukwa chake matimu amazengereza kutenga running back wa ku yunivesite

Mwezi wa Epulo chaka chilichonse, matimu 32 a ligi ya NFL ku United States amasankha osewera atsopano ochokera m'mayunivesite. Kusankhaku amakutcha draft, kumachitika m'zigawo 7, ndipo matimu amene anachita moipa ndiwo amayamba kusankha. Mu 2025 timu ya Las Vegas Raiders inatenga Ashton Jeanty wa ku Boise State pa nambala 6, ndipo mkangano wakale unabukanso: kodi ndi nzeru kuthera mwayi waukulu chotere pa running back?

Mpirawu si wamiyendo ngati wa Moçambola. Running back amapatsidwa mpira m'manja n'kuthamanga nawo pakati pa adani amene ntchito yawo ndi kumugwetsa. Maulendo ambiri amathera pansi, anthu awiri kapena atatu atamugwera, choncho mawondo ndi akakolo sizichedwa kutha. Mu 2024 mokha Jeanty anathamanga ndi mpira maulendo 374, nayenda mayadi 2,601. Manambala amene anamutchukitsawo ndi omwenso akusonyeza mmene thupi lake lagundidwira asanayambe n'komwe ntchito mu NFL.

Matimu ena anapsapo kale. Mu 1995 Cincinnati Bengals inatenga Ki-Jana Carter pa nambala 1, koma anavulala bondo pa masewero okonzekera, ligi isanayambe, ndipo sanabwererenso mwakale. Mu 2012 Cleveland Browns inatenga Trent Richardson pa nambala 3, chaka chotsatira n'kumupereka ku Indianapolis Colts. Masewero ake omaliza a ligi anali a 2014. N'zosadabwitsa kuti mu 2013 ndi 2014 palibe running back ngakhale mmodzi amene anasankhidwa m'chigawo choyamba.

Chinanso n'chakuti running back wabwino amapezeka motchipa. Kansas City Chiefs inatenga Isiah Pacheco m'chigawo cha 7 mu 2022, ndipo anapambana nayo Super Bowl zaka ziwiri zotsatizana.

Otsutsa maganizowa amaloza Saquon Barkley, amene mu 2024 anayenda mayadi 2,005 ndi Philadelphia Eagles n'kutenga chikho. Koma Barkley anasankhidwa ndi New York Giants pa nambala 2 mu 2018, anaduka mtsempha wa bondo mu 2020, ndipo pa zaka 6 zimene anakhala kumeneko timuyo inafika mu ndime ya chipulumutso kamodzi kokha. Anawala atapita ku timu yokhala ndi osewera amphamvu akutsogolo omutsegulira njira. Apa ndiye pagona nkhani: matimu amene amasankha koyamba ndi ofooka, ndipo running back payekha sangawadzutse.

Amene amalipira kwambiri ndi wosewerayo. Malamulo salola mnyamata kulowa mu draft pasanathe zaka 3 chimalizireni sekondale. Kuyambira 2011, malipiro a kontilakiti yoyamba amaikidwiratu malire, ndipo wosankhidwa m'chigawo choyamba amamangidwa zaka 4, timu ikafuna n'kuwonjezera chachisanu. Ikamakwana nthawi yoti adzinenere mtengo wake, mabwana amakhala atayamba kale kukayikira mawondo ake. Todd Gurley analandira kontilakiti yaikulu ku Los Angeles Rams mu 2018, koma bondo litayamba kumuvuta anamuchotsa mu 2020, ali ndi zaka 25 zokha.

Raiders inapambana masewero 4 okha mwa 17 mu 2024. Ngati sipeza osewera akutsogolo oteteza Jeanty, zaka zake zamphamvu zidzathera pansi pa mulu wa adani, ndipo nayenso adzangowonjezera dzina pa mndandanda wa Carter ndi Richardson.