Luwani atikumbutse za Apalestina

Ife a ku Neno othawa nkhondo tinawaona ndi maso athu. Msasa wa Luwani unasunga abale athu a ku Mozambique, ndipo mu 2016 anabweranso. Zitazizira anabwerera, poti kwawo kunalipo. Nanga Apalestina abwerera kuti?

Mu September 2024, mayiko 124 ku United Nations anavota kuti Israel ichoke m'madera a Apalestina omwe inalanda. Mayiko 14 anakana, Malawi ali momwemo. Inde, achinyamata athu akugwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo ndalamazo zikuthandiza mabanja. Koma ufulu wodzilamulira womwe tinaupeza mu 1964 tingawamane bwanji anzathu? Sabata ikubwerayi tiwapempherere, kenako tilembere aphungu athu atiuze chomwe tinavotera choncho.